Batani la Update silidziwa kuti ukwati unali pa Chiweru

Mnyamata uyu umamudziwa. Olo dzina sulidziwa, nkhope unaiona. Ni uja amene pa ukwati uliwonse amayenda chobwerera m'mbuyo kutsogolo kwa akwati, kamera kumaso, thukuta mpaka m'kolala, anthu akudya iye akali kujambula keke. Pa Chiweru ali ku holo m'tauni, pa Sondo ali ndi kwaya, ndipo pakati pa sabata umamupeza m'kachipinda kake ku Kapata, makatani otseka, laputopu ikulira monga chigayo.

Sabata imene tikamba anali ndi vidiyo ya ukwati pa tebulo. Amene analipira ni azakhali a mkwatibwi, mayi wa ku Lilongwe amene anabwera kudzera pa Mwami. Iwo ananeneratu kuti akhala sabata imodzi chabe, ndipo pa Sondo lotsatira akufuna kukwera basi fulashi ili m'chikwama. Anapereka hafu ya ndalama, hafu inayo anati tikaona nchito. Pofika pa Mande usiku mnyamata anali atadula kale za kutchalitchi ndi zithunzi za panja, kunatsala madansi ndi mphatso.

Pa Chiwiri kunabwera mng'ono wa mkwatibwi ndi foni yake. "Muikemonso utu tumavidiyo twanga, tunatuluka bwino maningi." Pa foni tunalidi bwino. Koma atatuika mu pulogalamu yake yoeditira, diresi la mkwatibwi linangoyera mbuu, nkhope osaoneka. Anafunsa YouTube, ndipo munthu wina kumeneko anati version yatsopano imakonza zimenezi yokha. Malaiti anabwera 23 hours, ka bundle ka usiku kanalipo, ndipo kabokosi kaja kanali pakona monga masiku onse, kakufunsa ngati afuna update. Anadina.

Apa ndiye pamene nkhani imapusitsa, chifukwa palibe chimene chinaphulika. Pulogalamu inatseguka bwinobwino, inamufunsa ngati isinthe project kuti igwirizane ndi version yatsopano, iye anavomera. Diresi linabwerera mtundu wake. Anagwira nchito usiku wa pa Chitatu ndi wa pa Chinayi, madansi onse analowa, nyimbo zinagwirizana ndi mapazi. Pa Chisanu anadina export. Mzere unayenda, unayenda, utapitirira pakati pulogalamu inadzitseka. Anayambanso, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu mpamene anaona kuti ngakhale maina a aperekezi asintha kalembedwe, ndipo kachida kamene amakonzera mitundu kasowa pa mndandanda. Anati basi nibwerere ku yakale, koma yakale inali itachotsedwa pamene yatsopano inkalowa. Anathamangira kwa mnzake ku Kalongwezi amene akali ndi yakale. Kumeneko kompyuta inangoyankha kuti fayilo iyi inapangidwa ndi version yatsopano, singatsegulidwe.

Madzulo foni inalira.

"Mwana wanga, vidiyo ija yatha?"

"Amai, yatsala pang'ono chabe. Kompyuta ikuvutako."

"Kompyuta sinabwere ku ukwati. Ine ndalama ndinapatsa iwe."

Ungaseke, koma nkhani iyi ikukhudza iwenso amene ukuwerenga pa foni uli pa minibasi kapena kumbuyo kwa njinga. Kuchokera pamene Chipata inakhala mzinda mu February 2017, chinthu chimodzi chimene aliyense akuona ni chakuti palibe mwambo umene umachitika popanda kamera. Kitchen party, chilanga mulilo, matebeto, ukwati, maliro, kuvundukula mwala wa pamanda, kwaya yofuna kuoneka pa Facebook, woimba wa m'komboni amene akufuna vidiyo yake yoyamba. Kumapeto kwa February anyamata a makamera amakhamukira ku Mtenguleni ku Nc'wala, kumapeto kwa August ali ku Mkaika ku Katete ku Kulamba. Nchito zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: zimachitika kamodzi. Mkwatibwi sazavalanso diresi lija chifukwa laputopu yako yakana, ndipo agogo amene anavina pa ukwati uja mwina chaka chamawa kulibe.

Manje timvetsetse chimene chimachitika mkati, chifukwa ambiri amaganiza kuti project ni vidiyo. Iyayi. Vidiyo ni mafayilo aja ochokera mu kamera. Project ni kafayilo kakang'ono kamene kamasunga malangizo: tenga apa, dula apa, nyimbo iyambe apa, dzina lioneke apa, mtundu uwale chonchi. Maola onse amene edita anakhala maso ali m'kafayilo kameneka. Kampani ikatulutsa version yatsopano, nthawi zambiri imasintha mmene malangizowo amalembedwera. Yatsopano imadziwa kuwerenga za yakale, koma yakale singawerenge za yatsopano. Ni khomo lolowera, lopanda potulukira.

Izi si mphekesera za m'magulu a WhatsApp. Project ya Adobe Premiere Pro ikasungidwa mu version yatsopano, yakale imaikana. Premiere imakusiyirako fayilo yoyamba ija mmene inalili, koma nchito yonse imene wachita pambuyo pa update imakhala mu fayilo yatsopano yokha. Mu DaVinci Resolve, imene anyamata ambiri amaikonda chifukwa ili ndi version yaulere, ma project onse amakhala m'nkhokwe imodzi. Ukavomera kuti nkhokweyo ikwezedwe, siibwereranso, ndiye chifukwa chake eniake a Blackmagic Design amalangiza kusunga kope usanayambe. Ndipo vuto ili lagwetsapo akuluakulu. Mu June 2011 Apple inatulutsa Final Cut Pro X, ndipo anthu opanga mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV anadzidzimuka kupeza kuti singatsegule ma project a Final Cut Pro 7, imene anali akugwiritsa nchito dzulo lake. Ngati anthu okhala ndi ma studio ndi mainjiniya anagwira mutu, ganizira mnyamata wa laputopu imodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani kabokosi ka update kakuvutitsa kwambiri masiku ano? Choyamba ni mmene makampani amagulitsira. Kale unkagula pulogalamu kamodzi n'kukhala nayo zaka. Adobe inatulutsa CS6 mu 2012, ndipo mu 2013 inalengeza kuti zatsopano zonse zizibwera kudzera mu Creative Cloud, yolipira mwezi ndi mwezi. Munthu amene akulipira mwezi uliwonse afunika kuona zatsopano kuti asaleke kulipira, choncho ma update amabwera pafupipafupi. Mu 2019 Adobe inachepetsanso ma version akale amene munthu angatsitse, kusiya aposachedwa okha. Kutanthauza kuti ukachedwa kubwerera, msewu wobwerera umatsekedwa.

Chachiwiri ni Windows. Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, kupatula kwa amene alembetsa dongosolo loonjezera chaka chimodzi. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor yaposachedwapa, ndipo malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale nchito amene timagula kuno sakwanitsa. Opanga mapulogalamu oeditira nawonso akukweza mpanda. Premiere Pro ya 2024 inayamba kufuna processor yokhala ndi AVX2, chinthu chimene makompyuta akale kwambiri alibe. Choncho update imene kwa munthu wa ku London ni nkhani ya mphindi zochepa, kwa iwe ingakhale tsiku limene wadziwa kuti makina ako akalamba, project ya anthu ili mkati.

Chachitatu chili m'thumba mwako. Mafoni anasintha mmene amajambulira. Kuyambira 2017 ma iPhone amasunga vidiyo mu mtundu wa HEVC, ndipo kuyambira iPhone 12 mu 2020 amajambula HDR, imene imaoneka bwino pa foni koma imatha kuyera mopitirira mu pulogalamu yakale. Kasitoma akabweretsa tumavidiyo twa pa foni nchito ili pakati, ndiye kuti wabweretsa chiyeso. Ndipo amene amaeditira pa foni pomwepo asaganize kuti apulumuka. CapCut, ya kampani ya ByteDance imene ilinso ndi TikTok, yakhala ikusamutsa zinthu zimene zinali zaulere kuziika ku Pro yolipira. Foni imachita update yokha usiku ikapeza Wi-Fi, ndipo m'mawa ukafuna kutulutsa vidiyo imene unayamba dzulo, umapeza kachida kamene unagwiritsa nchito kakufuna ndalama.

Zonsezi zimachitika dziko lonse. Chimene chimasiyanitsa Chipata ni mtengo wa kulakwitsa. Amene analemba kabokosi kaja amaganiza kuti uli ndi malaiti tsiku lonse, intaneti yosawerengera ndi kompyuta ina pambali. Ife tikudziwa zimene tinaona mu 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala ni tsoka la dziko, madzi ku Kariba anatsika, ndipo ZESCO inayamba ndi maola 8 opanda malaiti mu March, kufika maola opitirira 17 patsiku cha mu September. Kuyambira nthawi imeneyo edita aliyense anaphunzira kuwerenga nchito yake m'maola a malaiti. Export imodzi ya ukwati wautali pa laputopu yofooka ingadye maola angapo. Ikakana katatu, usiku wonse wapita. Malaiti akapita update ili pakati, ungatsale ndi pulogalamu imene si yakale, si yatsopano, yosatseguka n'komwe. Kutsitsanso ni ma gigabyte ena, ndalama ina ya bundle. Ndipo katswiri amene angaone makina ako mwina ali ku Lusaka, makilomita opitirira 550 pa Great East Road.

Tikambenso chimene aliyense amadziwa koma sakamba pagulu. Mapulogalamu ambiri amene ali m'malaputopu a m'tauni muno sanagulidwe. Anachokera pa fulashi ya mnzako, amene anaitenga kwa mnzake. Munthu wa crack akafuna version yatsopano amapita kukatsitsa pamalo osadziwika, ndipo chimene chimabwera pamodzi nayo sachiona. Mavairasi amene amaba ma password kapena kutseka mafayilo onse amakonda kubisala m'mapulogalamu otere. Pamenepo sutaya project imodzi, utaya hard drive yonse, ndi maukwati a anthu ena amene sanatengebe makope awo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati ndalama ya mwezi ndi mwezi siikwanika, kuphunzira pulogalamu yaulere yeniyeni monga DaVinci Resolve, Kdenlive kapena Shotcut kuli ndi nzeru kuposa kudalira fulashi yosadziwika kwawo.

Wina azati ndiye tisamachite update mpaka kale. Ameneyonso akudzinamiza. Kompyuta imene siilandira zotseka mabowo a chitetezo ni nyumba yogona chitseko chili pululu. Makamera ndi mafoni atsopano azabwerabe ndi mafayilo amene pulogalamu ya zaka zisanu zapitazo siiwadziwa. Ndipo zina zatsopano zimathandizadi, monga kuchotsa phokoso la jenereta pa mawu a abusa. Mnzako amene waphunzira zimenezi azakulanda makasitoma. Update payokha ilibe mlandu. Mlandu uli pa tsiku limene waichita. Makanika wanzeru samasula injini ya basi anthu ali mkati pa Kacholola, amadikira ifike pa siteshoni, itsitse, ndiye atsegule.

Choncho ngati ndiwe edita, lamulo ni limodzi ndipo silifuna ndalama: project imene unayambira mu version iyi, imalizire momwemo. Pita mu settings uzimitse update yodzichitikira yokha, pa kompyuta ndi pa foni pomwe. Windows nayo imalola kuimitsa ma update kwa masabata angapo, uchite zimenezo nchito yaikulu ikakhala pa tebulo. Kasitoma akabweretsa vidiyo imene pulogalamu yako ikuikana, sintha vidiyoyo, osati pulogalamu. Kachida kaulere kotchedwa HandBrake kamatembenuza mafayilo a pa foni kukhala mtundu umene pulogalamu yakale imalandira. Mnyamata wathu uja akanachita zimenezi pa Chiwiri, sabata yake ikanatha mwina.

Ikafika nthawi yosintha, sankha sabata imene ulibe ngongole ya vidiyo kwa munthu aliyense. Yamba wasunga kope la ma project onse pa hard drive ina, yosakhala m'laputopu. Lemba penapake nambala ya version imene uli nayo ndipo usunge fayilo yake yoikira ngati ilipo. Mu Creative Cloud muli kabokosi kochotsa ma version akale pamene yatsopano ikulowa, ukachotse chizindikiro kuti zonse ziwiri zikhale. Werenga zimene version yatsopano ikufuna pa kompyuta, ufananize ndi yako. Kenako tenga project yakale imene unapereka kale, itsegule, uichite export kuyambira poyamba mpaka pothera. Apa ndiye pofunika kwambiri, chifukwa pulogalamu kutseguka sikutanthauza kuti ili bwino. Mavuto ambiri amabisala mpaka pa export, pamene makina akugwira nchito yolemetsa, ndipo export imabwera kumapeto, nthawi itatha kale.

Ngati wagwa kale m'dzenje, usayambe wafufuta zinthu ndi mantha. Mapulogalamu ambiri amasunga okha makope a project pakapita mphindi zingapo, ufufuze foda imeneyo. Yesa kuchita export m'zidutswa, tchalitchi payokha, madansi paokha, kuti upeze pamene ikufera, chifukwa nthawi zambiri ni kachidutswa kamodzi kapena kachida kamodzi. Premiere ndi Resolve zimathanso kutulutsa mndandanda wa madulidwe mu fayilo ya XML imene version ina ingawerenge. Maina ndi mitundu zina zimatayika panjira, koma madulidwe, amene ndiwo amadya nthawi, amapulumuka. Ndipo muuze kasitoma zoona msanga. Munthu amapirira kuchedwa kumene wauzidwa pa Chitatu kuposa bodza limene walitulukira pa Sondo.

Manje iwe kasitoma, usaganize kuti wapulumuka. Ndiwe amene umafuna vidiyo ya maola atatu m'masiku anayi, pa mtengo umene sungagule olo hard drive. Ndiwe umabwera nchito ili pakati ndi tumavidiyo twa mafoni asanu, kenako nyimbo ina, kenako ufuna zilembo zouluka zimene waona pa TikTok usiku. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chilichonse chimene waonjezera mochedwa chimakankhira edita ku batani lija. Sonkhanitsa zonse usanamupatse nchito. Mugwirizane tsiku loganizira malaiti a kuno. Ndipo umufunse funso limodzi limene anthu safunsa: mafayilo a mu kamera mwawasunga malo angati? Edita amene wayankha kuti awiri ni wofunika kumulipira bwino. Ngati ungakwanitse, gula fulashi yaikulu kapena hard drive, utenge kope la mafayilo osaedita. Project ingafe, edita angasamukire ku Lusaka, koma ngati mafayilo amenewo ali ndi iwe, vidiyo ingapangidwenso ndi munthu wina.

Mnyamata wa ku Kapata uja anapeza fayilo ya pa Mande usiku, ya version yakale, isanasinthidwe. Za kutchalitchi zinalimo, madansi ndi mphatso munalibe. Anabwereka laputopu ya mnzake uja, anakakhala kumbuyo kwa barbershop ina imene ili ndi sola, n'kuyambanso kudula madansi amene anali atadula kale. Pa Sondo m'mawa anapita ku siteshoni manja ali lende.

"Amai, nilakwa ndine. Nipatseni mpaka pa Chitatu, nizatuma ndi munthu wodutsa pa Mwami."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ukanandiuza pa Chisanu pomwe paja. Tumiza. Yotsalayo tidzakambirana ndikaiona."

Vidiyo inafika ku Lilongwe pa Chinayi, ndipo amene anaiona akuti inatuluka bwino. Ndalama yotsala inabwera yosakwanira, iye sanatsutse. Mwezi wotsatira kunali kitchen party ya msuweni wa mkwatibwi, banja lomwelo, holo yomweyo. Anaitana wa kamera wina.

Usiku uno malaiti akabwera, kabokosi kaja kazaonekanso pakona ya laputopu yako. Usanadine, yang'ana kaye ngati pa tebulo pali ukwati wa munthu.